Chikho chabwera, tsono kochi timusunga bwanji?

Pa 8 April 2024, timu ya basketball ya yunivesite ya Connecticut, imene eni ake amangoti UConn, inakwapula Purdue 75-60 n'kutenga chikho cha mayunivesite a ku America kachiwiri motsatizana. Patangotha miyezi iwiri, a Los Angeles Lakers a mu ligi ya akatswiri ya NBA anabwera kudzakopa kochi wake, Dan Hurley, atanyamula kontirakiti ya madola 70 miliyoni ya zaka 6. Hurley anapita ku Los Angeles, anakamva zonse, n'kubwerako atakana. Mu July yunivesite inamusainitsa kontirakiti yatsopano ya madola 50 miliyoni, ya zaka 6 zomwezo.

Ntchito yanga ndi yolemba ndi kuunika makontirakiti a anthu olembedwa ntchito, choncho nkhaniyi itamveka anzanga ankandifunsa zinthu ziwiri. Ena ankati munthu wamutu wake angasiye bwanji madola 20 miliyoni patebulo. Ena ankati kodi sukulu, malo a mabuku, ingapatse bwanji mphunzitsi wa masewera ndalama zimene pulofesa sadzaziona mpaka kupuma ntchito. Onsewa maso awo anali pa nambala yaikulu ya m'nyuzipepala, pomwe ife a ntchitoyi nambala imeneyo timaiwerenga pomalizira. Timayamba kaye taona kuti awiriwa akadzatopana, adzasiyana bwanji, ndipo adzalipire ndani.

Tiyambe ndi kumene ndalama zimachokera. Chaka chilichonse mu March kumakhala mpikisano wa chipulula wa matimu a mayunivesite umene amautcha March Madness: ukagonja kamodzi, longedza. Mpikisanowu ndi ng'ombe ya mkaka ya bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite. Mu 2016 makampani a kanema a CBS ndi Turner anavomera kuwonjezera madola 8.8 biliyoni kuti apitirize kuuonetsa kwa zaka zina 8, mpaka 2032. Timu ikasewera gemu imodzi mumpikisanowu, ligi yake, kutanthauza gulu la masukulu amene imasewera nawo nthawi zonse, imapatsidwa gawo la ndalama, pafupifupi madola 2 miliyoni, zolipidwa pang'onopang'ono kwa zaka 6, ndipo sukulu za mu ligiyo zimagawana. Onjezanipo matikiti, makampani a nsapato, ndi anthu olemera amene anaphunzira pasukulupo, omwe dzanja lawo limafewa timu ikamapambana. Osewera amabwera n'kupita, ena chaka chimodzi chokha, koma kochi amakhalapo. Iye ndiye amasaka anawo, ndipo makolo amatumiza mwana kwa kochi asanaganize n'komwe za dzina la sukulu.

Musatengeke nazo kwambiri. Sikuti masewera amadzidyetsa okha paliponse. Nthambi ya masewera ya UConn yakhala ikudalira mamiliyoni ochokera m'thumba la yunivesite ndi fizi ya ophunzira, ndipo mu 2020 inalengeza kuti ikutseka matimu anayi a masewera ena pofuna kuchepetsa ndalama zowononga. UConn ndi ya boma la Connecticut, kotero kochi wake ndi wantchito wa boma. Mu 2009, boma litavutika ndi ndalama, munthu wina anafunsa Jim Calhoun, amene anali kochi nthawi imeneyo ndiponso wolandira kuposa wantchito wa boma aliyense kumeneko, ngati angabwezeko kena pa malipiro ake a madola 1.6 miliyoni. Calhoun anakalipa pamaso pa makamera kuti sabweza olo kakobiri, ati timu yake imabweretsa madola 12 miliyoni kusukuluko. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo mkanganowo sunathe mpaka pano.

N'chifukwa chake kontirakiti ya Hurley inaphikidwa mmene inaphikidwiramu. Malipiro ake enieni, amene ife timati a pa pepala, ndi madola 400,000 okha pachaka. Chaka choyamba panali madola 6.375 miliyoni olembedwa kuti ndi a kuyankhula m'misonkhano, kupereka upangiri ndi kuonekera pa wailesi ndi pa kanema, ndipo ndalama imeneyi imakwera chaka ndi chaka. Yunivesite inafulumira kunena kuti zowonjezerazo zichokera kwa anthu opereka mphatso ndi ku matikiti. Apa mukuona kuti kugawa malipiro motere ndi njira yoyankhira wokhoma msonkho asanafunse. Kumathandizanso chifukwa kawirikawiri zinthu ngati penshoni zimawerengedwa kuchokera pa malipiro a pa pepala aja, osati pa mulu wonse.

Kenako pali madola 1 miliyoni pachaka amene Hurley amalandira chifukwa chongokhalapo. Safunika kupambana chikho. Tsiku loikika likafika iye akadali pantchito, ndalama ilowa; akachoka dzulo lake, yapita. Pa zingwe zonse zimene olemba ntchito amamangira munthu, ichi ndimachikonda, chifukwa sukulu imalipira chinthu chimene yalandira kale.

Kutalika kwa kontirakiti sikumanga munthu. Mu 2010 yunivesite yaing'ono ya Butler itafika mufainolo, inasainitsa kochi wake Brad Stevens kontirakiti ya zaka 12. Mu 2013 a Boston Celtics a mu NBA atamuitana, anapita. Chimene chimagwira kochi mwendo ndi ndalama yodziwombolera, imene iye kapena timu yomutengayo iyenera kulipira akachoka nthawi isanakwane. Koma khomo limeneli lili ndi linzake: chipukuta misozi chimene sukulu iyenera kupereka ikamuchotsa chifukwa chongogonja, popanda mlandu. Kochi amene wangotenga chikho, loya wake amalimbana kuti khomo lotulukira iye likhale lotsegula, ndipo lomuchotsera likhale lokhoma ndi maloko atatu. Akuluakulu a sukulu, masapota akuimba panja, amasaina.

Zimenezi zinachitika ku yunivesite ya Kentucky, kumene basketball ili ngati chipembedzo. Kochi John Calipari anafikako mu 2009, anatenga chikho mu 2012, ndipo chaka ndi chaka ankatumiza anyamata ku NBA. Mu 2019 kutamveka kuti yunivesite ya UCLA ikumufuna, a Kentucky anamupatsa kontirakiti ya zaka 10 ya madola 86 miliyoni, anthu n'kumaitcha ya moyo wonse, chifukwa inali ndi mwayi woti akadzatopa ndi ukochi adzakhale kazembe wa sukuluyo akulandirabe. Pa nthawiyo ochepa okha ndiwo anaona vuto. Kenako zinthu zinayamba kutembenuka. Mu 2022 Kentucky inatulutsidwa pa gemu yoyamba ndi Saint Peter's, kasukulu ka ku New Jersey kamene ambiri anali asanakamvepo. Mu March 2024 zinabwerezanso: Oakland inapambana 80-76, ndipo mnyamata wina wochokera pa benchi, Jack Gohlke, anaponya mipira 10 ya mapointi atatu, anyamata a Calipari oyembekezera kupita ku NBA akungomuyang'ana. Masapota anafuna kuti kochi achoke usiku womwewo. Maakauntanti atatsegula kontirakiti anapeza kuti kumuchotsa kukanadya madola opitirira 33 miliyoni. Mkulu wa zamasewera pasukulupo, Mitch Barnhart, analengeza kuti Calipari apitiriza. Sindikunena kuti ndalama yokhayo ndiyo inamuyankhulitsa, koma aliyense amene anakhalapo m'chipinda chotero akudziwa mmene nambala ngati imeneyo imatsekera anthu pakamwa.

Ndinakhalapo m'chipinda chotero, pakampani ina imene sindiitchula. Manijala wina anali atachita bwino chaka chimodzi, ndipo atamva kuti ena akumunyengerera, a bodi anandiitana Lachisanu madzulo kuti pofika Lolemba kontirakiti ya zaka zisanu ikhale itatha. Ndinapempha kuti tilembemo zoti chipukuta misozi chizichepa chaka ndi chaka. Wapampando anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, munthu watipangira zonsezi, mukufuna timuonetse ngati sitikumukhulupirira?" Patapita zaka ziwiri anandiitananso, ulendo uno kuti ndiwapezere kabowo kotulukira. Kanalibepo, ndipo wolemba ndinali ine ndemwe.

Kabowo kamene ambiri amathamangira ndi kopezera kochi mlandu, chifukwa wochotsedwa pa mlandu salandira chipukuta misozi. UConn yomweyo inayesa. Kochi Kevin Ollie anaipatsa chikho mu 2014, koma timu itagwa, mu March 2018 anamuchotsa ponena kuti anaphwanya malamulo a NCAA, ndipo anakana kumulipira zotsala. Ollie anali membala wa yuniyoni ya aphunzitsi a payunivesitepo, ndipo anakadandaula. Mu January 2022 woweruza mkanganowo analamula kuti sukulu imupatse madola opitirira 11 miliyoni, ndipo chaka chomwecho inawonjezera ena 3.9 miliyoni kuti nkhani ithe. Pa zaka zonsezo inali ikulipiranso Hurley, amene analowa m'malo mwake.

Nanga Hurley anakaniranji Lakers? Zina n'zapamtima: ndi mwana wa ku New Jersey, bambo ake Bob Hurley anaphunzitsa basketball kwa zaka zambirimbiri pasekondale ya St. Anthony ku Jersey City, ndipo banja lonse lili chakum'mawa komweko. Ankafunanso chikho chachitatu motsatizana, chinthu chimene sichinachitikepo chichokereni UCLA ya kochi John Wooden. Koma ine ndimaonanso masamu. Kochi Frank Vogel anapatsa Lakers chikho mu 2020, pofika April 2022 anali atachotsedwa. Wolowa m'malo mwake, Darvin Ham, anakhala zaka ziwiri zokha. Ku NBA wosewera wotchuka ali ndi mawu kuposa kochi, pomwe ku Storrs, kumene kuli UConn, Hurley ndiye amasankha osewera, owathandizira ndi kaseweredwe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndipo musaiwale kuti ulendo wa ku Los Angeles uja unamulipira: mu 2023 anali atasaina ya madola 32.1 miliyoni, chaka chimodzi chokha chapita n'kukhala 50.

Masiku ano kusunga kochi kwavutirapo chifukwa salinso yekha patebulo. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera a m'mayunivesite analoledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo, ndipo malamulo osinthira sukulu anafewetsedwa, moti timu yonse ikhoza kubalalika m'mwezi umodzi. Mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni chaka choyamba, za masewera onse pamodzi. Pasukulu zokhala ndi timu yaikulu ya mpira wa ku America uja wovala zipewa zolimba, mbali yaikulu imapita kumeneko, basketball n'kumatola zotsala. Choncho kochi wanzeru asanafunse za malipiro ake amafunsa kuti thumba la osewera ndi lalikulu bwanji, omuthandizira alandira zingati, timu iziyenda pa ndege yanji. Mukhoza kumupatsa 8 miliyoni, koma ngati alibe chogulira osewera, mwamulipira kuti adzagonje. Ena angotopa nazo. Tony Bennett, kochi wa yunivesite ya Virginia, amene atatenga chikho mu 2019 anakana kukwezedwa malipiro n'kupempha kuti ndalamazo zithandize antchito ake ndi timu, anatula pansi udindo mu October 2024 kutatsala masabata ochepa kuti ligi iyambe, ati dongosolo latsopanoli silimuyenera. Apo palibe bonasi imene ikanamugwira.

Akanandifunsa, ndikanawauza akuluakulu a sukulu kuti asasaine kanthu mlungu wa chikondwerero. Amulipire bwino kochiyo, chifukwa msika ndi umenewo ndipo wabwino ndi wosowa, koma mbali yaikulu ikhale ya chaka ndi chaka, yongokhalapo ndi yopambana. Makomo awiri aja alemere mofanana, ndipo onse azipepuka zaka zikamapita. Alembemonso kuti akachotsedwa n'kupeza ntchito kwina, zimene akulandira uko zizichotsedwa pa chipukuta misozi. Loya wa kochi adzakana, ndipo nthawi zambiri adzapambana, chifukwa iye ali ndi Lakers pafoni pomwe inu muli ndi masapota pawindo.

A Kentucky anapulumuka mwamwayi. Mu April 2024 yunivesite ya Arkansas inasowa kochi, ndipo John Tyson, mpondamatiki wa kampani ya nkhuku ya Tyson Foods yemwenso ndi mnzake wa Calipari, anathandiza kumukopa. Calipari anachoka yekha, n'kukasaina ya zaka 5 yoyambira pa madola 7 miliyoni, yocheperapo poyerekeza ndi imene ankalandira, ndipo madola 33 miliyoni aja anatsala m'thumba la Kentucky. Iwo analemba Mark Pope, amene anasewerapo m'timu yawo yotenga chikho mu 1996, pa malipiro otsika kuposa a Calipari. Mu March 2025 Arkansas ndi Kentucky zonse zinafika m'ndime ya matimu 16, ndipo zonse zinatulukira pomwepo. UConn ya Hurley, ndi kontirakiti yake yatsopano, inali itatuluka kale m'ndime yachiwiri, itagonja 77-75 kwa Florida, imene inadzatenga chikho.