Umphawi ndi Matenda Ochokera ku Malo Amene Tikukhala

Kawirikawiri anthu amati utsi ndi madzi oipa sizisankha munthu, popeza tonse timapuma ndiponso timamwa. Koma ife ogwira ntchito zaumoyo timaona kuti ndalama zimene banja limapeza ndi zimene zimalamula kwambiri kuchuluka kwa poizoni amene amalowa m'thupi la mwana wa m'banjalo.

Nkhani imayambira pa mtengo wa malo. Nyumba yoyandikana ndi fakitale, mtaya wa zinyalala kapena msewu wodutsa magalimoto akuluakulu imakhala ya lendi yotsika, ndipo amene amakhalamo ndi uja amene sangakwanitse kulipira kwina. Wolemera akaona kuti mpweya wayamba kununkha amasamuka, pamene wosauka amatsala, ngakhale akudziwa bwino lomwe kuti mwana wake akutsokomola chifukwa cha chiyani.

Zoopsa zina zili m'nyumba momwemo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 2 biliyoni amaphikira nkhuni, makala, ndowe kapena parafini pa moto wotulutsa utsi wambiri, ndipo utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020. Timagawo ting'onoting'ono ta utsiwu timalowa mkatikati mwa mapapo mpaka m'magazi, n'kumayambitsa chibayo mwa ana, komanso matenda a mtima ndi sitiroko mwa akuluakulu. Amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono amene sachoka pafupi ndi moto. Kuwauza kuti asiye nkhuni osawapatsa njira ina imene angaikwanitse n'kuwaimba mlandu pa chinthu chimene sanasankhe.

Thupi la wosauka limavulalanso msanga. Mwana amene sadya mokwanira, makamaka akasowa ayironi ndi kashiamu, matumbo ake amayamwa mtovu wambiri kuposa a mnzake wodya bwino, ndipo mtovuwu, umene ndi chitsulo chapoizoni, umawononga ubongo mosabwereranso. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likudwalitsabe ana a m'makomboni oyandikana nawo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti dandaulo la wosauka limachedwa kumveka, ngakhale m'mayiko olemera. Mu 2014 akuluakulu a mzinda wa Flint ku United States, umene ambiri mwa anthu ake ndi akuda ndipo umphawi ndi wochuluka, anayamba kutunga madzi mu mtsinje wa Flint pofuna kupulumutsa ndalama, osathiramo mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke. Mtovu wa m'mapaipiwo unasungunukira m'madzi akumwa. Anthu anadandaula za mtundu ndi fungo la madziwo, koma ankauzidwa kuti ndi abwino, mpaka madokotala ataonetsa mu 2015 kuti mtovu m'magazi a ana wakwera. Pofika nthawi imene gwero la madzilo linasinthidwa, mabanja anali atamwa madziwo kwa chaka ndi theka.