Mawu athu a kosindikiza mabuku, ndi chifukwa chake timakufunsani zambiri

Mayi wina anabwera ku ofesi yathu Lachitatu masana atanyamula foni m'manja. Ankafuna mapologalamu 200 a chinkhoswe cha mwana wawo, chimene chinali Loweruka. Chithunzi cha akwati anachilandira pa WhatsApp, ndipo pa foniyo chinkaoneka bwino kwambiri. Nditachitsegula pa kompyuta n'kuchikuza kuti chidzaze chikuto, nkhope ya mkwati inasanduka timabokosi. Ndinawauza kuti, "Mayi, chithunzichi resolution yake ndi yochepa." Anandiyang'ana ngati ndawalankhula Chitchaina, ndipo sanalakwe, chifukwa ife osindikiza timaiwala kuti mawu amene timawatchula tsiku lonse ena sanawamvepo.

Resolution ndi kuchuluka kwa timadontho timene timapanga chithunzi. Kuti chithunzi chituluke chosalala papepala, timafuna timadontho 300 pa inchi imodzi, chimene timachitcha 300 dpi. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndiye zimene yataya sitingathe kuzibwezeretsa. Mayi aja tinawapempha kuti wojambula atumize chithunzicho ngati document kapena pa fulashi, ndipo nkhope inabwerera.

Mitundu nayo imakanganitsa anthu. Sikirini ya foni imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, komwe ndi RGB. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi: cyan amene ndi buluu wowala, magenta wofiirira ngati pinki, chikasu ndi yakuda. Izi ndiye CMYK. Inki siwala ngati sikirini, choncho buluu wa yunifomu ya kwaya amene munamukonda pa foni akhoza kutuluka wozimirira pang'ono. Wina akakuuzani kuti "full colour", akunena inki zinayizi, ndipo mtengo umakwera kusiyana ndi kusindikiza ndi yakuda yokha.

Za pepala ndidutsapo msanga. A4 ndi lija la muofesi, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mukalipinda pakati mwapeza A5. Gsm ndi kulemera kwa pepala: 80 ndi la fotokope, pamene khadi la ukwati limafuna 300 kapena kuposa. Kabuku kopinda pakati n'kukhoma ndi sitepula kamayenda ndi masamba anayianayi, chifukwa pepala limodzi lopinda limapereka masamba anayi. Mukabweretsa masamba 10, tidzakuuzani kuti muchotse awiri kapena muwonjezere awiri.

Bleed ndiye mawu amene ndimavutika nawo kufotokoza. Tikasindikiza, mapepala timawaunjika n'kuwadula ndi mpeni waukulu wa gilotini, ndipo mpeniwo sugwera malo amodzimodzi ndendende pa pepala lililonse. Ngati utoto wathera pa mzere wodulira penipeni, makadi ena atuluka ndi kamzere koyera m'mphepete. Choncho utoto kapena chithunzi timachipitiriza mamilimita atatu kunja kwa mzerewo, kuti mpeni udye zotsalazo, zomwe ndiye bleed. Mawu ofunika, monga nambala ya foni, musawaike m'mphepete.

Ambiri mwa mawuwa ndi akale kuposa kompyuta. Kuyambira nthawi ya Johannes Gutenberg, amene anayambitsa makina osindikizira ku Ulaya ali ku Mainz m'dziko la Germany, cha m'ma 1450, zilembo zinali tizitsulo tosanjidwa kamodzikamodzi ndi manja. Zilembo zazikulu zinkakhala m'bokosi la pamwamba, zazing'ono la m'munsi, n'chifukwa chake Azungu amati upper case ndi lower case. Mpata wa pakati pa mizere umatchedwa leading chifukwa ankalowetsapo timizere ta mtovu, umene pa Chingerezi ndi lead. Kukula kwa zilembo timakuyesa ndi ma point, ndipo 72 ndiwo amakwana inchi imodzi. Pamene pulogalamu yosanjira masamba ya PageMaker inabwera mu 1985, ntchito yonseyi inalowa m'kompyuta koma mayina anatsala omwewo.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka mtima, chomwe ndi Chichewa chathu chikamasanjidwa ndi mapulogalamu osachidziwa. Pali chinthu chotchedwa hyphenation, kudula mawu ndi mdulamawu akafika kumapeto kwa mzere. Kompyuta imadula potsata malamulo a Chingerezi. Ndaonapo kabuku ka nyimbo za maliro momwe mawu oti "chikhulupiriro" anaduka kuti "chik-" pamwamba, "hulupiriro" pansi, ndipo "mpingo" anakhala "mpin-go". Wowerenga pamaso pa anthu amapunthwa pamenepo. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: chi-khu-lu-pi-ri-ro, mpi-ngo. Kh, ph, th, ng', ny ndi tch sizilekanitsidwa. Ine ndikalandira ntchito ya Chichewa, choyamba ndimazimitsa hyphenation, kenako ndimadula ndekha pamene pakufunika. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye mukawakakamiza kuti mizere ithere mofanana mbali zonse, kumene timati justify, m'danga lopapatiza mumatsala mipata ikuluikulu pakati pa mawu. Bola kusiya mbali ya kumanja yosafanana.

Nkhodolero nayo si chokongoletsera. Pakati pa "ng'oma" ndi "ngoma" pali kusiyana kwa ng'oma yoimba ndi nyama ya kutchire. Kanthu kakang'onoka kamasowa mawu akakopedwa kuchoka m'pulogalamu ina kupita mu ina, kapena kamasanduka zizindikiro zachilendo. Chimodzimodzi w wa kachipewa, amene ena amalemba mu Malaŵi ndipo abale athu olemba Chitumbuka amamugwiritsa ntchito kwambiri. Si fonti iliyonse, kutanthauza mtundu wa zilembo, ili naye. Fonti ikapanda, pamalopo pamatuluka kabokosi kopanda kanthu, kapena lembo limodzilo limabwera ndi maonekedwe ena ngati mlendo. Mu Word mukhoza kumupeza polemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Musanasankhe fonti yokongola ya buku lanu, iyeseni kaye ndi lembo limeneli.

N'chifukwa chake timakonda kuti mutibweretsere PDF osati fayilo ya Word. PDF imanyamula mafonti ake m'kati, ndipo masamba sasuntha ikatsegulidwa pa kompyuta ina.

Tisanayatse makina timakupatsani proof, kope limodzi loti muwerenge ndi kusainira. Ambiri amangoliyang'ana chikuto n'kunena kuti zili bwino. Chonde khalani pansi, mutenge cholembera, muwerenge mokweza mayina, masiku ndi manambala, ndipo mupatsenso munthu wina amene sanalembe nawo. Mayi a chinkhoswe aja anatero atakhala pa benchi yathu, ndipo anapeza kuti dzina la ankhoswe a kuchimuna linasowa lembo limodzi. Tinakonza pa mphindi imodzi, mapepala 200 aja asanalowe m'makina.