Chingwe chachiwiri: mmene kaiti inaphunzirira kumvera mwini wake

Aliyense amene anaulutsapo kaiti ya jumbo ndi timitengo amadziwa kuti ikangokwera, mwini wake amasanduka mlonda chabe. Amagwira ulusi, koma kopita imasankha ndi mphepo. Ku India anthu anadziwa kalekale kuwongolera kaiti yomenyanira pa ulusi umodzi, pokoka ndi kutayirira pa nthawi yake, koma limenelo ndi luso la zala lomwe limatenga zaka. Kaiti ya zingwe ziwiri ndi nkhani ina. Ukakoka chakumanja imakhotera kumanja, ukakoka chakumanzere imabwerera, ukapitiriza kukoka chimodzi imazungulira ngati nguli. Lero timaiona ngati choseweretsa, komatu amene anayamba nayo sankasewera.

Woyamba kumutchula ndi George Pocock, mphunzitsi wa ku Bristol, ku England. Bamboyu ankafuna kuti mphepo igwire ntchito ya akavalo. Mu 1826 analembetsa kuboma ngolo yake yotchedwa Charvolant, yomwe inkakokedwa ndi makaiti awiri akuluakulu. Woyendetsa ankakhala ndi zingwe zinayi, zina zokhotetsera kaiti kumbali, zina zoipendeketsera kuti ikoke kwambiri kapena ilekeko. Mphepo ikakhala bwino, ngoloyo akuti inkathamanga makilomita 32 pa ola, pa nthawi imene ngolo za akavalo zinkatsalira kutali. Chosekesa n'chakuti pa zipata za msonkho wa pamsewu ankalipiritsa powerenga ziweto zokoka ngolo. Pocock analibe kavalo ngakhale mmodzi, ndiye ankangodutsa ulele. Munthuyu analinso wolimba mtima mopitirira muyeso: anakhazikapo mwana wake Martha pampando n'kumukweza m'mwamba ndi kaiti. Mtsikanayo anatsika wamoyo, ndipo anadzabereka W. G. Grace, katswiri wotchuka wa masewera a cricket. Ngoloyo sinafale. Ndani angapange ulendo wodalira kuti mphepo idzuke bwanji? Sitima za pamtunda zinali zitayamba kale kubwera.

Mu 1899, ku Dayton, ku America, Wilbur Wright anaulutsa kaiti ya mapiko awiri osanjikizana, yotambalala mita imodzi ndi theka. Inali ndi zingwe zinayi zomangidwa ku timitengo tiwiri m'manja mwake. Ankafuna kuona ngati kupotokola nsonga za mapiko kungapendeketse chinthu chouluka. Kunatheka, ndipo nzeru yomweyo inalowa m'ndege imene iye ndi mng'ono wake Orville anaulutsa mu 1903.

Kaiti yoyamba ya zingwe ziwiri kupangidwa yambirimbiri inabadwira ku nkhondo, ndipo ntchito yake inali yowomberedwa. Paul Garber ankasamalira ndege zakale ku Smithsonian, bungwe losunga zinthu zakale ku Washington, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa gulu la asilikali a pamadzi la America. Anapeza kuti anyamata a mizinga yogwetsera ndege ankaphunzira kulasa poloza mitambo. Mtambo suzemba. Garber anakonza kaiti ya ngodya zinayi, yaitali pafupifupi mita imodzi ndi theka, n'kuiikira chiwongolero chamatabwa kumunsi. Zingwe ziwirizo zinkatembenuza chiwongolerocho, kaiti n'kumatsika mwaliwiro, kukwera, kuzemba uku ndi uku monga ndege ya adani. Nsalu yake inali yamtundu wa thambo, pakati atajambulapo ndege ya Japan kapena ya Germany, kuti patali ndege yokhayo ndiyo izioneka. Makaiti oterewa anapangidwa oposa 300,000. Ambiri anathera m'nyanja atabooledwa ndi zipolopolo, n'chifukwa chake otsala lero ndi a mtengo wapatali kwa osunga zakale. Garber yemweyo ndiye anadzayambitsa chikondwerero cha makaiti ku Washington mu 1967, mumzinda momwe lamulo lakale linkaletsabe kuulutsa kaiti mpaka 1970.

Nkhondo itatha nzeruyo inagona zaka zambiri. Francis Rogallo ndi mkazi wake Gertrude anatulukira phiko lansalu lopanda mafupa olimba mu 1948, koma kutchuka kwake kunadzera kwa anthu ouluka atalendewera pansi pa phiko.

Amene anabweretsa kaiti ya zingwe ziwiri m'manja mwa ana ndi Peter Powell wa ku Cheltenham, ku England. Akuti tsiku lina kaiti yake inkapendekera mbali imodzi, iye n'kumangirira chingwe china kuti aiwongole. Atakoka, kaiti inakhota. Pofika 1972 anali ndi kaiti ya pulasitiki ya zingwe ziwiri, yopanda chiwongolero chilichonse, yosavuta moti mwana ankaiphunzira masana amodzi. Ine ndimaona kuti nzeru yake yeniyeni inali mchira. Unali wautali kwambiri, wonga paipi ya pulasitiki yodzaza mphepo, ndipo unkatsata njira yonse imene kaiti yadutsa, ngati munthu akulemba m'mwamba. Woonerera ankaona ndi maso kuti pansi pali munthu amene akulamula. Atamuonetsa pa pulogalamu ya BBC yotchedwa Nationwide, maoda anasefukira, kupanga kunafika pa makaiti 75,000 pa sabata, ndipo mu 1976 ogulitsa zidole ku Britain anaisankha kukhala chidole cha chaka. Anthu anayamba kulumikiza atatu, asanu ndi umodzi, pa zingwe zomwezo, onse n'kumakhota pamodzi ngati gulu la mbalame.

M'zaka zomwezo Ray Merry ndi Andrew Jones, nawonso a ku England, anapanga Flexifoil, kaiti yonga matiresi ofufuma ndi mphepo, yokhala ndi ndodo imodzi yokha kutsogolo. Imeneyi inkathamanga ndiponso kukoka koopsa. Mu 1982, ku Weymouth, ku England, mndandanda wa makaiti amenewa unakoka bwato lopanda thanga lotchedwa Jacob's Ladder pa liwiro la makilomita 46 pa ola, kuposa ngolo ya Pocock ija.