Bambo anu sanafe ndi njala

Funso lomwe ndimalimva kwambiri pa ntchito yanga yosamalira odwala matenda osachiritsika silibwera wodwala ali moyo ayi. Limabwera patatha miyezi iwiri kaya itatu, mwana wa malemu wabwera kudzabweza botolo la mofini, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, lomwe linatsala, wakhala pa benchi osafuna kunyamuka, kenako amvekere, "Anesi, kodi bambo aja si njala inawapha?"

Nthawi zambiri amakhala kuti bambowo anali ndi khansa ya kummero. Khansa imeneyi kuno ndi yochuluka moti Malawi ali m'gulu la maiko omwe ili pamwamba kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala mochedwa chifukwa imayamba ngati zocheza, nsima ikukakamira pachifuwa, munthu akumwera madzi kuti itsike nkumati ndi chilungulira basi. Kenako nsima ayi, phala. Kenako phala nalo likubwerera, kumapeto olo malovu amene. Ndiye taganizani mwana amene anakulira thukuta la bambo ake, lero wanyamula kapu ya phala losefa bwinobwino, bambo akutembenukira kukhoma. Kwathu kuno chikondi timachionetsera m'mbale, gadiyani wabwino ndi amene wodwala wake wamaliza chakudya, ndiye phala likabwerera munthu amangoti ndalephera ine.

Simunalephere. Chotupa chimakhala chatseka njira, pena madokotala amaika kapaipi kotchedwa stent kuti munthu azimezako, koma kapaipiko sikachotsa khansa. Komanso, ndipo apa mpamene anthu ambiri sadziwa, khansa ikafika patali imasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, imasungunula minofu ndi mafuta olo munthuyo akudya. Nchifukwa chake ngakhale bambo a khansa ya prostate kapena ya chiwindi, omwe kummero kwawo kuli bwinobwino, nawonso amaonda mpaka lamba kusowa pobowola. Masiku omaliza thupi lenilenilo limasiya kufuna chakudya, njala imazimiririka, chomwe chimavuta ndi kuuma kukamwa. Mukanawakakamiza mukanangowatsamwitsa, phala nkulowera m'mapapo. Kuja munkawanyowetsa milomo ndi kansalu, mukuona ngati palibe chomwe mukuchita, chisamaliro chake chinali chomwecho.

Nkhani ya mofini nayo imazunza anthu. Pa maliro sipalephera azakhali ena onong'ona kuti mankhwala aja ndi amene awamaliza, atangoyamba kumwa sabata siinathe. Zoona sabata siinathe, koma ndi chifukwa choti mabanja ambiri amavomera mofini mochedwa, wodwala atabuula miyezi. Mofini woperekedwa pa mlingo wake amachotsa ululu, sapha munthu. Tili ndi odwala omwe amamwa miyezi yambirimbiri akuyenda okha. Malo ngati Tiyanjane ku Queens ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima ntchito yawo ndi imeneyo, kuti munthu asamafe akukuwa. Za kuti anawalodza amalume akumudzi sindilowamo kwambiri, ndingoti ndaona abale akusiya kulankhulana zaka chifukwa cha chotupa chomwe chinaoneka poyera pa kamera ya madokotala.

Pali china chomwe anthu amachinena motsitsa mawu. Tsiku lomwe bambo anatsirizika, mwana anamva ngati watula katundu, usiku wake anagona tulo tofa nato koyamba pa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye pano akudziona ngati mfiti. Ayi ndithu. Munthu wa khansa mumayamba kumulira akadali moyo, tsiku lomwe dokotala anati pitani nawoni kunyumba, tsiku lomwe munayamba kuwasambitsa bambo anu omwe kale munkachita kugwada polankhula nawo. Mwagona pansi mu wodi, mwagulitsa mbuzi, mwakongola za thiransipoti. Thupi lanu kupuma si kuti munkafuna afe.

Amuna ndiye mumandidetsa nkhawa. Mwana wamwamuna woyamba pa maliro salira, osati chifukwa cha ija yoti mwamuna salira yokha, koma alibe nthawi, bokosi ndi iye, galimoto ndi iye, ufa, ndiwo, adzukulu akufuna chakudya kumanda, foni ikungolira. Anthu onse akamwazikana, pasiwa pasesedwa, ndi pamene zimamupeza. Mwezi wachitatu ali mu minibasi waona mdala wavala chipewa ngati cha bambo ake, misozi osaigwira. Kapena wapezeka akuimba nambala yawo kuti awauze mtengo wa feteleza. Wina amamva ngati amuitana kuseri kwa nyumba. Zimenezi si misala, zimachitikira anthu ambiri ndipo zimachepa zokha.

Musavutikenso ndi zomwe mumaona pa Facebook zoti chisoni chili ndi masitepe asanu oyenera kuwatsata. Elisabeth Kübler-Ross, amene anabweretsa maganizo amenewa mu 1969, ankacheza ndi odwala omwe anali pafupi kumwalira, osati ofedwa, ndipo chisoni cha ofedwa sichiyenda pa mzere, lero mukuseka mawa mwakwiyira Mulungu, mkuja mukusekanso.

Koma pali pomwe timati apa pakufunika thandizo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linaika m'buku lake la matenda chisoni chopitirira, chomwe chadutsa miyezi 6 ndiponso chadutsa mmene anthu a chikhalidwe chanu amalirira, munthu akulephera kugwira ntchito, kusamalira ana, moyo waima tsiku la maliro. Mukaona mowa wachuluka kuti mupeze tulo, musadikire miyezi 6 imeneyo, ndipo maganizo oti bola ndiwatsatire akangobwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala. Pa chipatala cha boma funsani oona za matenda a maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God.

Oti abwera kudzabweza botolo aja ndimawafunsa kuti bambo ankakonda ndiwo zanji asanadwale. Amayamba aganiza kaye, chifukwa m'mutu mwatsala bambo owonda a pamphasa aja basi. Wina anakhala chete kanthawi, kenako anaseka nkuti usipa wootcha, ndipo ankakana kugawirako aliyense.