Musamuuze mwana kuti m'nyumba ya mafupayo muli ziwanda

Mwezi wa Okutobala ukangolowa kuno ku Britain, foni yanga siipuma. Ndine namwino woyendera ana osakwana zaka 5 m'makomo, ndipo a kwathu amene timapemphera nawo amadziwa zimenezi, choncho nkhani ya mwana wosagona imayamba yafika kwa ine isanafike kwa dokotala. Chaka ndi chaka mawu ake ndi omwewo: "Anamwino, mwana wathu wayamba kukuwa usiku chionereni zinthu za Halloween zija." Ndikafunsa kuti nanga inu munamuuza chiyani ataziona, yankho nalo silisintha: "Tinamuuza chilungamo, kuti zimenezo n'za Satana, asamayang'aneko, m'nyumba imeneyo muli ziwanda."

Makolo anzanga, mawu amenewo ndi amene ndatopa nawo. Zoti Mkhristu azichita nawo Halloween, tsiku limene anthu amakongoletsa nyumba ndi zidole za mafupa a munthu ndi mizukwa, kapena ayi sindilimbana nanu. Inenso kwanga sitichita, ndipo ana anga anakula osapita kukagogoda m'makomo kupempha maswiti. Za mbiri ya tsikuli, kuti 31 Okutobala ndi usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 Novembala, kuti miyambo yake yambiri inachokera ku Ireland ndi Scotland n'kukakulira ku America, abusa anu anakufotokozerani kale. Yanga ndi nkhani ya mutu wa mwana wa zaka zitatu, ndi zimene mawu a mayi ake amachita akalowamo.

Mwana wa msinkhu umenewo sanayambe kusiyanitsa maonekedwe a chinthu ndi chimene chinthucho chili. Mu 1969 katswiri wina wa ku America, Rheta DeVries, anafalitsa kafukufuku amene anachita ndi ana a zaka zoyambira 3 kufika 6. Anawapatsa mphaka wofatsa, dzina lake Maynard, kuti asewere naye. Kenako mphakayo anamuveka chigoba cha nkhope ya galu wolusa, anawo akuonerera mchira ndi miyendo yake yakumbuyo nthawi yonseyo kuti adziwe kuti nyama sinasinthidwe. Ambiri mwa a zaka zitatu ananenetsa kuti tsopano ndi galu. A zaka 6 anadziwa kuti mphaka ndi mphaka basi, ngakhale avale nkhope yanji. Ndiye taganizani mwana wanu wa kusukulu ya mkaka akuona mafupa a munthu ataimirira pakhomo la aneba, maso akuyaka mofiira, chibwano chikugwedezeka. Kwa inu ndi pulasitiki. Kwa iye ndi wakufa amene wadzuka.

Ife amene tinakulira kumene kuli gule wamkulu tikuyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Ndani sanathawirepo kumsana kwa amake atamva kuti chilombo chatulukira? Ndani sanaopsezedwepo kuti akapanda kugona amuitanira chinyau? Koma chilombo chinkabwera pa nthawi yake, n'kuvina, n'kubwerera. Mafupa a kuno amakhala pakhomo milungu itatu kapena inayi, panjira yomweyo imene mwana amadutsa m'mawa ndi madzulo. Masitolo amayamba kupachika zidole zimenezi Seputembala asanathe. Ndipo zikunka zikula: mu 2020 sitolo ya Home Depot ku America inatulutsa chimafupa chotalika mamita oposa atatu ndi theka, ndipo zidole zambiri masiku ano zili ndi kachipangizo kozipangitsa kukuwa kapena kudumpha munthu akangodutsa. Onjezanipo kuti Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, mdima n'kumagwa 5 koloko isanakwane, kenako pa 5 Novembala ndi masiku oyandikira kumakhala kuphulika kwa makombola usiku wonse. Mwana amakhala kuti tulo tamusokonekera kale.

Pamwamba pa zonsezi, munthu amene mwanayo amamukhulupirira kuposa onse padziko akumuuza kuti inde, chinthucho n'chamoyo, n'choipa, ndipo chimakhala m'nyumba yoyandikana ndi yathu. Nyumba zambiri za kuno n'zogundizana. Khoma la chipinda cha mwana ndi lomwelo la aneba. Mwati agone bwanji? Inu mumafuna kumuphunzitsa chikhulupiriro, koma iye wamva kuti ziwanda zili kuseri kwa pilo wake. Phunziro la mizimu lili ndi nthawi yake, mwana akafika pomvetsa. Pa zaka zitatu chimene amamva ndi nkhope yanu ndi kunjenjemera kwa mawu anu.

Kumuteteza n'kwabwino, ndipo musachite manyazi nako. Ngati pali msewu wina wopita kusukulu, dzerani kumeneko. M'sitolo lambalalani mzere wa zidolezo. Lankhulani ndi aphunzitsi ake kumayambiriro kwa mwezi, osati m'mawa wa tsiku la phwando. Usiku wa pa 31 zimitsani nyali ya panja ndipo musaike dzungu pakhomo, chifukwa kuno ana ambiri amagogoda pa nyumba zokongoletsedwa zokha. Mipingo yambiri imakonza Light Party, phwando la ana lachikhristu lolowa m'malo mwa Halloween, usiku womwewo, ndipo bungwe la Scripture Union lakhala likulimbikitsa maphwando amenewa. Koma simungatseke maso a mwana mwezi wonse. Tsiku lina adzaziona ndithu, ndipo pamenepo gwadani mufanane naye msinkhu, mumuuze mofatsa kuti: "N'chidole chapulasitiki. Anachigula kusitolo, chili ndi batire ngati galimoto yako ija. Sichingayende. Ife kwathu sitiika zimenezi." Palibe bodza m'mawu amenewa, ndipo palibe pamene mwagulitsa chikhulupiriro chanu. Akafuna kuchiyang'ananso masana, muli chapatali mutamugwira dzanja, mulekeni ayang'ane. Akakana, pitirirani.

Abambo, inunso ndili nanu mawu. Kunyamula mwana akulira n'kukamugunditsa pa chidolecho kuti "mwamuna saopa" si kumulimbitsa mtima. Mwana amaphunzirapo kuti akachita mantha asathawire kwa inu.

Tsopano za kukuwa usiku, pamene pagona vuto lenileni. Pali zinthu ziwiri zimene makolo amazisakaniza. Maloto oopsa amabwera chakum'bandakucha: mwana amadzuka, amakudziwani, amafuna kumukumbatira, ndipo m'mawa amatha kukuuzani zimene analota. Chinacho madokotala a kuno amachitcha night terrors, ndipo chimakonda ana a zaka 3 mpaka 8. Chimabwera maola oyambirira atangogona. Mwana amadzambatuka, kukuwa, kutuluka thukuta, maso ali tong'o koma osakuzindikirani, nthawi zina kukukankhani kumene. Pakapita mphindi zingapo amagonanso, ndipo kukacha sakumbukira kanthu. Amakhala kuti sanadzuke n'komwe. Ubongo uli pakati pa tulo tofa nato ndi kugalamuka. Kutopa kwambiri, kutentha thupi, nkhawa, ngakhale chikhodzodzo chodzaza zimachiyambitsa. Musamugwedeze kapena kumudzutsa. Chotsani zimene zingamupweteke, khalani pambali pake mpaka zitadutsa.

Ndikudziwa mmene zimaonekera. Mwana wako akukuyang'ana ngati mlendo, akukuwa mawu osamveka, pakati pa usiku, mwezi wa mizukwa. Kholo lopemphera limangoganiza chinthu chimodzi. Ndipo pali anthu amene amadikirira ganizo limenelo kuti adyerepo.

Pali kamtsikana kena ka zaka zinayi kamene mpaka lero sikachoka m'mutu mwanga. Kanayamba kukuwa usiku mlungu womaliza wa Okutobala. Mayi ake, munthu wokonda mwana wake ndi mtima wonse, anauzidwa ndi mnzawo kuti pali mneneri wina wodziwa zoterezi. Mneneriyo anati mwanayo walowedwa mzimu pamene anadutsa pa nyumba ya mafupa. Anagulitsa mayiwo mafuta odzozera. Analamula kuti mwana asale kudya. Pa mapemphero a usiku anthu akuluakulu ankamuzungulira, kumugwira mutu, kukuwira m'makutu mwake kuti chotuluka chituluke. Zitapitirira, anati mzimuwo ndi wamakani, pakufunika chopereka china.

Ine ndinakaona mwanayo mu Febuluwale. Miyezi inayi itadutsa. Anali atayambanso kukodza pogona pamene anali atasiya kalekale, anali ataonda, ndipo munthu akangoti "tiyeni tipemphere" ankabisala kunsi kwa tebulo. Chimenecho ndi chimene chimandiwawa kwambiri, kuti mwana wa m'banja lachikhristu anafika poopa pemphero. Nditafunsa mmene amagonera, mayi ake anati amaliza mkonono ngati munthu wamkulu, amagona kukamwa kuli yasa, ndipo nthawi zina amakhala ngati wasiya kupuma kenako n'kudzidzimuka. Zimenezi zinayamba kale Halloween isanafike, koma palibe anazitenga ngati kanthu. Dokotala atamuona anapeza kuti ma tonsils ake, tinyama tiwiri ta kukhosi, anali aakulu moti ankamutsekereza mpweya akagona. Tulo take tinkadukaduka usiku uliwonse, ndipo mantha a mwezi umenewo anangowonjezera pa thupi lotopa kale. Za kukhosizo zinathandizidwa kuchipatala, kukuwa kunatha. Mantha a pemphero anatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ndimadzifunsabe kuti zikanakhala bwanji mayiwo akanandiimbira mu Novembala.

Ndinene mosabisa. Munthu aliyense amene akuuzani kuti mwana wanu wamng'ono ali ndi chiwanda kapena ndi mfiti, amene akufuna ndalama kuti amumasule, amene akuti mwana asadye, amenyedwe, athiridwe zinthu m'maso kapena m'kamwa, mutalikireni lero lomwe. Dziko lino linaona kale kumene njira imeneyo imathera. Victoria Climbié anamwalira ku London mu Febuluwale 2000 ali ndi zaka 8, atazunzidwa ndi omulera amene ankati ali ndi mizimu yoipa. Kristy Bamu, wa zaka 15, anaphedwa ku London komweko pa Khirisimasi ya 2010 atanamiziridwa ufiti. Kuno zoterezi ndi nkhanza kwa mwana pamaso pa malamulo, ndipo ife ogwira ntchito ndi ana tikaziona sitiloledwa kukhala chete. Ngakhale kwathu ku Malawi, lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Abusa enieni amapemphera nanu n'kukuuzani kuti mupitenso kuchipatala.

Enanso ndi aja a mankhwala. Musamwetse mwana mankhwala a chifuwa kapena a ziwengo kuti agone chifukwa choti wina pa WhatsApp wati amathandiza. Ena mwa mankhwala amenewo saloledwa kwa ana aang'ono. Melatonin, mankhwala othandiza kugona, kuno amaperekedwa ndi chilolezo cha dokotala basi. Za pa intaneti simudziwa chimene chili m'botolomo. Safunsa anadya phula.

Mantha wamba a zidolezi amazilala pakangopita masiku kapena milungu yochepa zitachotsedwa. Koma ngati kukuwako kukuchitika kangapo usiku umodzi kapena pafupifupi usiku uliwonse, ngati mwana akuliza mkonono ndi kubanika, ngati wayambanso kukodza pogona, wasiya kudya, wasiya kusewera, kapena akukana kutuluka m'nyumba Novembala atatha, pitani kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, kapena itanani namwino wanu woyendera ana. Musadikire kuti Khirisimasi idutse. Ngati thupi lauma gwa kapena likugwedezeka ngati wa khunyu, milomo yasintha mtundu, kapena watentha thupi ndipo sakudzuka bwinobwino, imbani 999, nambala ya ambulansi, nthawi yomweyo. Mukakayika kuti n'chiyani, nambala ya 111 yofunsira malangizo a zaumoyo ilipo usana ndi usiku. Ngati mungathe, jambulani kavidiyo ka zimene mwana akuchita pa foni, mulembenso nthawi imene zayamba ndi imene zatha. Dokotala zimamuthandiza kwambiri.

Ndipo pempherani naye, inde. Pansipansi, nyali yaing'ono ili chiyakire, mutamufungatira. M'pemphero la pogona la mwana wa zaka zitatu musatchulemo ziwanda, magazi kapena nkhondo. Thokozani Mulungu chifukwa cha nsima imene wadya, agogo ake akumudzi ndi bulangete lake, muimbe kanyimbo ka ku Sande sukulu kamene amakadziwa, kenako mukhale naye pang'ono mpaka kupuma kwake kutakhazikika.