Makaroni a mu msuzi m'mawa, nkhani yake ku Hong Kong

Ukalowa m'mawa mu cha chaan teng, timalesitilanti totchipa tomwe tili mbwee ku Hong Kong, upeza anthu ataweramira mbale za makaroni ali mu msuzi wa nkhuku, pamwamba tizidutswa ta ham, pambali mazira, buledi wopaka batala ndi tiyi wamkaka. Eee makaroni m'mamawa, kudya ndi supuni. Eni ake amawatcha tung fan.

Hong Kong inali m'manja mwa Britain kuyambira 1841 mpaka 1997, ndipo zaka zambiri chakudya chachizungu chinali cha m'mahotela odula, munthu wamba ankangochionera patali. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 600,000 koma pofika 1951 anali atadutsa 2 miliyoni, ambiri ochokera ku China kuthawa nkhondo yapachiweniweni komanso kusintha kwa boma kwa mu 1949, ndiye anthu amenewa ndi omwe anadzadza mafakitale a nsalu, pulasitiki ndi zidole, ndipo munthu wolawirira kuntchito amafuna chotentha, chachangu, chosaboola mthumba.

Poyamba kunali ma bing sutt, malo ogulitsa zakumwa zozizira, tiyi ndi masangweji, kenako ma cha chaan teng anafala ndi zakudya zambiri. Mwa malo odyera otchuka m'madera a mzindawu, Mido Cafe ku Yau Ma Tei inatsegulidwa mu 1950, Lan Fong Yuen ku Central mu 1952, Australia Dairy Company ku Jordan mu 1970, iyi nde anthu amachita kuima pamzere kudikira mazira ake ndi makaroni.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi ichi, ophika aja sanavutike kuphika makaroni ngati a ku Italy ayi. Anthu a chi Cantonese, omwe ndi ambiri ku Hong Kong, anazolowera kale kuyamba tsiku ndi chamadzimadzi chotentha, phala la mpunga lomwe amati juk kapena ma noodles a mu msuzi, basi makaroni anangowaponya mumsuzi ngati ma noodles awo. Nyama yake ham kapena luncheon meat ya m'chitini, mkaka wa mu tiyi nawo wa m'chitini chifukwa zimasungika ndipo zinali zotsika mtengo. Kaphikidwe kosakaniza kotereka anakapatsa dzina loti si yau sai chaan, kutanthauza chakudya chachizungu chothira soya sosi. Ena amachiderera kuti ncha amphawi, koma kwa ine apa mpomwe pali nzeru, anthu anatenga chomwe ankamanidwa nkuchiphika mwa kwawo.

Ndikamaphika kunyumba makaroni ndimawiritsa padera mpaka afewe bwinobwino, kuposa momwe a ku Italy amafunira, nkuwatsanula madzi kuti msuzi usachite mbuu. Msuzi wake ukhale wopepuka woti pansi pa mbale pazioneka, kamchere, tsabola woyera pang'ono, timadontho ta mafuta a chitowe. Ham ndimadula tating'ono totalika, dzira ndimakazinga osapsetsa pakati kuti ukaliboola ndi supuni lisakanikirane ndi msuzi. Mwana wodwala chimfine amamaliza mbale yonse.

Chakudyachi chinakhazikika mpaka McDonald's ya ku Hong Kong inachiyika pa menyu ya m'mawa, pasta wa mu msuzi pambali pa mabaga.