Mbiri ya madzi a dzimbiri m'mijigo ya ku Mchinji

Mkangano wa madzi ofiira pamjigo ndi wakale. Amayi amati mjigo unakumbidwa pamalo oipa, akomiti amati vuto ndi mapaipi, ndipo kawirikawiri onsewo amakhala akunena zoona.

Nthaka ya katondo komanso ya m'madambo otsetserekera ku Bua ndi Rusa ili ndi ayironi, mchere wa chitsulo. Pansi pomwe mpweya sufika, ayironiyo amasungunukira m'madzi osaoneka. N'chifukwa chake madzi amatuluka oyera koma n'kufiira akakhalitsa mu ndowa.

Mijigo yakale inkabwera ndi mapaipi achitsulo okutidwa ndi zinki. Madzi akakhala ndi asidi, pH yake (muyezo wa asidi) kutsika pansi pa 6.5, amayamba adya zinkiyo, kenako chitsulo chenichenicho. Apa mpomwe mabakiteriya a ayironi, monga Gallionella ndi Leptothrix, amapezerapo chakudya. Amasandutsa ayironi wosungunuka kukhala dzimbiri, n'kumanga matope oterera amene amatseka timabowo tolowera madzi ndi kudya marabala a m'silinda, kachipangizo kokoka madzi pansi pa mjigo. Kunsi kwa matopewo kumabisala mabakiteriya ena otulutsa fungo la dzira lovunda. Tizilombo timeneti sitidwalitsa munthu, koma ayironi akangopitirira mamiligalamu 0.3 pa lita, zovala zimathimbirira, tiyi amada, banja n'kubwerera kuchitsime cha kudambo komwe kuli matenda enieni a m'mimba. Ngozi yake ili pamenepo.

Mavuto otere ndi ena mwa amene anabala mjigo wa Afridev, womwe ntchito youkonza inayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mapaipi ake ndi apulasitiki a PVC, asidi sawadya. Koma ndodo zopopera zikakhala zachitsulo wamba, zija zotsika mtengo pogula, dzimbiri limabweranso.

Kusiyanitsa gwero la vuto n'kosavuta. Popani m'mamawa mjigo utagona usiku wonse. Ndowa zoyamba zikafiira kenako madzi n'kuyera, chikudyeka ndi chitsulo cha mjigo: ikani ndodo za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. Ngati madzi akufiirabe mu ndowa ngakhale mutapopa ola lathunthu, ayironi akuchokera pansi, ndipo chofunika ndi thanki yoti madzi akumane ndi mpweya kenako asefedwe mumchenga. Klorini wa HTH amathandiza pokhapokha mwazula mapaipi n'kukwecha matope aja kaye, chifukwa salowa mkati mwake. Mukathira, musiye maola osachepera 12, ndipo mupope mpaka fungo lake lithe anthu asanayambe kutunga.